Mikanda pa Lichero, Ngolo m'Thumba

Wogulitsa tomato pa Chezi sagona akuganiza za kayalidwe ka malonda. Amaika atatu pansi, mmodzi pamwamba, galimoto za ku Salima n'kumaima zokha. Wa mbatata pa Mponela amangokhuthula thumba. Wovutika ndi munthu wa tinthu toti ukayetsemula tauluka: ndolo, mphete, zibangili, mikanda, tinjinga ta mawaya, tingolo tokwana pachikhatho. Ntchito yake ya chilimwe chonse imakwana m'chitini chimodzi, koma akafika pachionetsero amamulozera malo oti ng'ombe ziwiri zitha kugonapo, n'kumuuza kuti, "Yalani."

Kwathu kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi, bwalo lalikulu loyalapo zoterezi ndi Tumaini, chikondwerero cha ku Dzaleka. Anachiyambitsa mu 2014 ndi mlakatuli wochokera ku Congo, Trésor Mpauni, amene ambiri amamudziwa kuti Menes La Plume. Malo amene nthawi ya Kamuzu anali ndende ya andale, n'kusanduka msasa wa anthu othawa kwawo mu 1994, masiku a chikondwererochi amadzaza ndi magalimoto a ku Lilongwe. Pakhomo salipiritsa. Lero mumsasamo muli anthu oposa 50,000, ndipo pakati pawo pali amisiri a ku Congo, Burundi ndi Rwanda oti akayala katundu wawo, ngakhale ukudziwa kuti ulibe ndalama umayamba wapapasa m'thumba.

Ndiye azakhali anga a m'munsi mwa phiri la Ntchisi, amene amatunga mikanda n'kumagulitsa kwa alendo odzaona nkhalango, anati nawonso akayale. Anagwirizana ndi mlamu wanga wa ku Mvera, katswiri wa tingolo ndi tinkhokwe. Ine anandipatsa udindo wa mlembi, ndipo ntchito ya mlembiyo inali kusenza thebulo.

* * *

Msonkhano wokonzekera unachitikira pansi pa mtengo wa mango. Abambo aakulu, amene anapitako ku Trade Fair ku Chichiri kalekale ndipo mpaka lero nkhani yake sinathe, anadzisankha okha kukhala mlangizi.

"Pamafunika kapeti wofiira," anatero. "Kanema wamkulu kumbuyo. Ndi atsikana awiri ogawa maswiti."

"Achimwene, ndalama zilipozi ndi za nsungwi zinayi ndi chingwe."

"Basi, siyani kanema. Gulani maswiti okhawo, ndigawa ndine."

Maswiti anagulidwa. Pofika pa Mponela, mlangizi anali atagawa onse, ndipo wolandira anali mmodzi.

Thebulo tinabwereka kutchalitchi. Mkulu wa mpingo anatipatsa malamulo atatu: libwere Lamulungu lisanakwane, lisathyoke mwendo, ndipo pamwamba pake pasakhale mowa, fodya kapena chilichonse chachikunja. Kondakitala wa minibasi analiyang'ana n'kunena kuti limeneli ndi anthu atatu. Choncho thebulo linalipira katatu, pamene katundu yense amene tinkapita kukagulitsa anakwera ulere pamiyendo pa azakhali.

* * *

Koma tisanafike kumeneko, panali mlandu wa nsalu yoyala pathebulo.

Azakhali anayamba ndi chitenje chawo cha maluwa, chija cha pa Khirisimasi. Anayalapo ndolo, kutembenuka kuti atenge mphete, pobwerera ndolo zonse zasowa. Zinali pomwepo, koma maluwa anazimeza. Tinazipeza pochita kupapasa.

Msuweni wanga wa ku sekondale, amene sachoka pa Facebook, anati akatswiri amayala nsalu yakuda bii kuti mikanda iwale. Tinayesa pakhomo: nsungwi zinayi, nsalu yakuda pamwamba, ina pathebulo, ife titakhala chete kuyang'ana ngati zikukongola. Posakhalitsa amayi a m'mudzi anayamba kufika, wina ndi mtolo wa nkhuni, wina ndi kambale ka ufa. Abambo ena anavula chipewa ali patali n'kufunsa motsitsa mawu, "Zachitika nthawi yanji?"

Nsaluyo tinaichotsa. Ufa sanabweze.

Zotsala m'sutikesi zinali nsalu za zipani, pakuti azakhali pamsonkhano wogawa nsalu sajomba, kaya wabwera ndani. Anayala imodzi chozondotsa, nkhope ya mtsogoleri n'kumaonekabe. Atatopa anaitembenuza n'kukoleka ndolo pamakutu a mtsogoleriyo, mkanda n'kuuika pakhosi pake. Kunena zoona, anakongola kuposa pachikwangwani cha kampeni. Koma mlamu anati ku Dzaleka kumabwera anthu a zipani zonse, ndipo iye sanakonzeke kuthamanga ndi thebulo la mpingo kumutu.

Chimene chinatipulumutsa ndi chiguduli chomangira mabelo a fodya. Sichipikisana ndi mkanda, fumbi lofiira la ku Dowa silionekerapo, ndipo ndolo zimakolekeka zokha. Tinachichapa kuti fungo lithe, poopa lamulo lachitatu lija. Ku Dzaleka mayi wina wa ku Area 10 anachisisita n'kufunsa kuti timaitanitsa kuti nsalu yokongola chonchi.

"Kunja," anatero azakhali. Sananame. Chinali kunja kwa chigafa.

* * *

Kanthu kakang'ono kakagona pathebulo, munthu amakadutsa. Kamafuna kukwezedwa kuti kakumane ndi maso. Apa azakhali sanafune mlangizi. Anatenga malichero awiri, kuwapachika pansungwi, ndolo n'kuzikoleka m'mipata ya nsungwi zolukidwazo. Zibangili anazilowetsa m'mabotolo oimika, mphete pa zitsononkho. Amisiri a mumsasa anabwera kudzaona, wina n'kujambula ndi foni.

Maganizo a msuweni okha ndi amene anatipweteka. Iye anati tindolo ting'onoting'ono tiimikidwe m'mbale ya mpunga, akuti kunja amatero. Kunjako mwina nkhuku zimayenda ndi chilolezo. Ya ku Dzaleka inadumphira pathebulo, kujompha katatu, ndipo kachitatuko inameza ndolo imodzi ya mayi amene anali atalipira kale, akungodikira chenje.

Mwini nkhuku anapezeka msanga, mayi wa ku Burundi. Iye Chichewa pang'ono, ife Chiswahili ayi, koma pa ndalama zala zimamvana. Anatambasula zala za mtengo wa nkhuku, kenako n'kuwonjezera zina, akuloza pamimba pa nkhukuyo. Anali kutigulitsa ndolo yathu yomwe.

Madzulo ake tinadyera nkhuku. M'nthutumba tinapezamo ndolo yathu, ndi ina ya eni ake.

* * *

Tsono mikanda ya m'chiuno. Imeneyi ndiyo inali ndi ndalama, ndipo imeneyi ndiyo sitikanatha kuiyala.

Msuweni anati tiipachike kutsogolo ndi chikwangwani. Azakhali, amene kumudzi ndi nankungwi, anamuyang'ana mpaka mtsikanayo anakumbukira kuti ali ndi madzi oti akatunge. Mkanda wa m'chiuno kwa Achewa ndi wa kuchipinda. Wouona ndi mwini nyumba yekha, ndipo ngakhale pochapa suyanikidwa pachingwe cha panja. Choncho inakhala m'chitini, pansi pa thebulo, kuseri kwa chiguduli. Chikwangwani panalibe. Chodabwitsa n'chakuti abambo onse a m'boma la Dowa anadziwa pamene ili.

Wofuna mikanda imeneyi umamudziwira patali. Amadutsa kawiri osaima. Kachitatu amaima n'kunyamula kangolo, kufunsa mtengo, kuyamikira matayala. Amafunsa za mvula ya ku Ntchisi. Akaona kuti anthu apatuka, amawerama n'kunong'ona:

"Mayi, zija za kunyumba zija muli nazo?"

"Ziti, bambo? Nkhokwe?"

"Yayi, zija."

"Mtondo?"

Azakhali amadziwa bwino, koma amati munthu azituluka thukuta pang'ono kuti asanenerere mtengo.

Bambo wina wa jekete anafika mkazi wake atatsalira pogula chapati. Ananong'ona zake, azakhali n'kufunsa, "Chiuno chake n'chotani?" Bamboyo anayang'ana uku ndi uku, n'kupinda manja kupanga kabwalo kakang'ono, koti mungazungulize mtsuko wa mwana wophunzira kutunga madzi. Nthawi yomweyo mayi aja anatulukira kumbuyo, mayi odzaza bwino, oti chitenje chimodzi chimachita kupempha chinzake.

"Abambo ake mwana, chimene mukuyezacho ndi chiuno cha ndani?"

"Ndimafunsa kukula kwa tayala la ngolo."

"Mayi, apatseni ngoloyo. Ine mundipatse mikanda isanu ya muyeso wanga, alipira ndi iwowa."

Pa malonda onse a tsikulo, amenewa ndiwo anali aakulu, ndipo palibe ananenerera.

Kenako kunabwera mzungu wachitsikana, wansangala, wa kamera pakhosi. Anaona azakhali akutseka chitini n'kuumirira kuti aone. Anasankha wofiira ndi woyera, kulipira, n'kuuzunguliza kumutu katatu, pamwamba pa tsitsi. Ananyamuka akuvina kulowera kumene kunali oimba. Amayi achikulire ogulitsa zitumbuwa anagwira pakamwa. Anyamata a kabaza anayang'ana pansi. Agogo ena anatembenuka n'kuyang'ana phiri.

"Azakhali, simuwauza?" ndinafunsa.

"Iwe, chinthu akagula ndi chake. Ukamuuza abwera kudzabweza."

Patapita kanthawi anabwera anzake atatu, onse akuloza kumutu.

* * *

Mlamu wanga mavuto ake anali ena. Iye amapanga mudzi wonse wokwana pampando: kangolo ka ng'ombe ziwiri zosema, kankhokwe ka denga la udzu, kachigafa, kamtondo ndi munsi wake, kanjinga ka kabaza konyamula mayi ndi mbuzi. Anazisanja pa timasitepe ta njerwa, zazikulu kumbuyo, zazing'ono kutsogolo. Ankayembekezera alendo a kunja. Amene anafika ndi alimi a kwa Msakambewa, ndipo sanabwere kudzagula. Anabwera kudzayendera ntchito.

Mdala wina anavala magalasi, kunyamula kangolo, kukazondotsa.

"Goli ili mwalimanga molakwa. Ng'ombe ya kumanzereyi ikhala ndi bala pakhosi isanafike pa Madisi."

"Agogo, ndi chidole."

"Chidole n'chidole, koma ng'ombe musazizunze."

Mnzake anatenga kankhokwe, kusuzumira m'kati, kupukusa mutu. "Iyi ndi nkhokwe ya munthu amene dzina lake silinatuluke pa makuponi."

Wachitatu atamva mtengo wa kangolo anakhala pansi. "Ndalama imeneyo ine ndimalipira ngolo yeniyeni, kututa manyowa tsiku lonse, mwini wake n'kundithokoza. Iyi inyamula chiyani?"

"Inyamula mtima, bambo," anatero mlamu, amene anali ataloweza yankholi kunyumba.

"Mtima wa nkhuku."

Ana ndiye akatswiri oposa. Mwana aliyense wa ku Dowa anapangapo galimoto ya mawaya, ndipo saona chifukwa choti munthu wamkulu wandevu azilipiritsa. Kamnyamata kena kanayang'anitsitsa kanjinga ka mlamu n'kufunsa, "Ikuyenda?" Mlamu anati ndi yoika pashelefu. Kanatulutsa yake ya matayala a zitsekerero za mabotolo, ya chiwongolero cha bango, n'kuiyendetsa mozungulira thebulo lathu. Mlendo wina amene anali atagwira kale chikwama anatsatira mwanayo n'kugula yakeyo.

* * *

Panali kabokosi kena kamene mlamu sanatiuze. Dzuwa litafika pamutu anakatsegula n'kutulutsa tizilombo ta gule wamkulu: Kasiyamaliro wa msinkhu wa chala, Chadzunda, Maliya, ndi Kang'wingwi wopakidwa matope enieni.

Zoterezi si zachilendo. Chichokereni 2005, pamene UNESCO inaika gule wamkulu m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi, alendo amazifunsa kwambiri, ndipo ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976, amisiri akhala akusema za chikhalidwe kwa zaka zambiri. Koma ku Mua ndi ku Mua. Kuno ndi ku Dowa, kumene dambwe silisowa, komanso kumene amishoni anamanga Mvera mu 1889 ndi Kongwe mu 1894. Mbali ziwirizi zakhala zikuyang'anizana kuyambira nthawi imeneyo, ndipo mlamu anazikumanitsa pathebulo limodzi.

Woyamba kufika anali gogo wina wamkazi. Ataona Kasiyamaliro anapatuka, kuwerama pang'ono, kuponya K50 pachiguduli n'kupitirira osayang'ana m'mbuyo. Anasupa. Mlamu anati ngati zili choncho, asagulitse n'komwe, angokhala.

Wachiwiri anali mkulu wina wa ndodo, wa maso ofiira, amene sanapereke moni. Anaima nthawi yaitali.

"Mwana iwe, gule ameneyu watuluka ndi chilolezo cha mfumu iti?"

Mlamu anameza malovu.

"Unameta?"

"Ndinameta, agogo."

Anapatukira naye kuseri, kumene ine wosameta sindinaitanidwe. Zimene anakambirana sindikuzidziwa, koma pobwera mlamu anali wofatsa, thumba lake litapepukako mtengo wa tambala. Mkuluyo pochoka anatembenuka n'kunena kuti, "Ndiponso Chadzunda wakoyo mphuno yachepa."

Tisanapume, tinangoona mkulu wa mpingo uja ali poteropo. Anati wabwera kudzaona ngati thebulo likusamalidwa. Maso ake anagwera pa Kang'wingwi ataima pamene pamakhala mbale ya chopereka. Anatsegula pakamwa kuti ayambe, azakhali n'kumudula mwaulemu wonse:

"Akulu a mpingo, zija munatumiza mwana kuti ndikusungireni zija ndabwera nazo. Ndikupatsireni pompano, kapena kuseri?"

Mkuluyo anakhosomola. Anayang'ananso tizilombo tija n'kunena kuti lamulo lija limanena za pamwamba pa thebulo, ndipo monga akuonera, pakati pali chiguduli.

* * *

Woyandikana nafe anali mnyamata wa njovu zosema, zakuda bii, akulumbira kuti ndi phingo weniweni. Phingo amalemera ndipo kuda kwake n'kwachibadwa. Wake uja anali wopepuka, ndipo dzuwa la Novembala litakula anayamba kununkha polishi ya nsapato. Mlendo wina ananyamula njovu, kuibweza, kenako n'kudzipukuta thukuta pamphumi. Mnyamatayo anamuyang'ana n'kunena kuti, "Bwana, phingo wa chaka chino ndi wosakhwima."

* * *

Kalilole ndiye chida chachikulu pa malonda a ndolo. Mayi akadziona atavala, theka la ndalama latuluka kale. Vuto ndi lakuti pabwalo lonselo kalilole anali wathu yekha. Anthu anaima pamzere: wochotsa nyama m'mano, wokonza wigi, woimba wina wodzola asanakwere pansanja. Abambo aakulu, amene maswiti atatha analibe ntchito, anaima pambali pake n'kuyamba kulipiritsa K100 munthu aliyense. Pofika madzulo anali atapeza ndalama zoposa za mlamu.

* * *

Mitengo tinalemba ndi pensulo. Mikanda ya galasi, mawaya a ndolo ndi tizitsulo tokolekera zimachokera kunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, azakhali amati wolemba mtengo ndi bolopeni ndi munthu wosakonda ana ake. Abambo aakulu ankafuna tisalembe n'komwe, kuti tiziyamba taona nsapato za wogula.

Anayesa nzeru yawoyo pa mzungu wina wa ndevu, wa nsapato za matayala, amene anagwira chibangili. Anatembenukira kwa azakhali n'kunena mokweza, "Awa muwauze kawiri, ndalama amatola."

Mzunguyo anamwetulira. "Pepani bambo, ine ndimaphunzitsa kusukulu ya kumudzi, ndipo mwezi sunathe. Tandichotseraniko, ndine mwana wanu."

Anagula pa mtengo wotsika kuposa wa pensulo uja, abambo aakulu n'kumuperekeza ndi manja awiri.

Za chenje musanene. Chibwerere K5,000 mu 2022, aliyense wa m'tauni amafika ndi pepala limeneli kudzagula mphete yotchipitsitsa. Ukapita kukasintha kwa wa chapati, amati uyambe wagula. Ine monga mlembi ndinadya chapati zambiri chifukwa cha ntchito. Ena amati alipira pafoni, ndipo mumaima nonse awiri, manja m'mwamba, kusaka netiweki pakati pa anthu zikwi amene nawonso akuisaka. Mayi wina anati, "Zapita, muziona," n'kulowa m'chigulu. Azakhali akuzionabe.

* * *

Cha m'ma 3 koloko kunabwera kamvuluvulu. Mlangizi sananenepo za mphepo, pakuti ku Chichiri zinali m'nyumba. Anayambira kubwalo la mpira, kutola mapepala ndi majumbo, n'kulunjika pa ife. Azakhali anagona pathebulo chafufumimba. Mlamu anakumbatira mudzi wake. Ine ndinagwira nsungwi. Lichero limodzi linanyamuka ndi ndolo zake zonse, kuzungulira m'mwamba, n'kukatera pakati pa gulu la amayi a ku Congo amene ankadikira kuvina.

Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndipo ife tinali titataya kale mtima. Koma amayi aja anabwera nalo okha lichero, aliyense atavala kale ndolo, akufunsa mtengo. Mphepo inagulitsa ndolo zambiri pa mphindi imodzi kuposa ife tsiku lonse. Abambo aakulu anati n'zimene ankatanthauza ponena za atsikana ogawa zinthu.

Kuyambira pamenepo lichero lililonse limamangidwa pawiri, ndipo pangodya iliyonse ya chiguduli pamakhala mwala. Munthu wina anafunsanso mtengo wa mwalawo.

* * *

Powerengera usiku, buku la mlembi linaonetsa zimene sitinayembekezere. Tinayala zonse poganizira azungu, koma azungu anajambula kwambiri kuposa kugula. Ogula enieni anali aphunzitsi a pa Dowa boma, anamwino, atsikana a ku Lilongwe, amayi a mumsasa, ndi abambo onong'ona aja. Chitini cha pansi pa thebulo, chopanda chikwangwani, chinaposa malichero, timasitepe ndi kalilole kuphatikiza pamodzi.

Tsamba lalitali kwambiri m'bukumo linali la abale. Wina anatenga zibangili kuti "akatitsatsire malonda ku Kasungu". Wina anati ndolo angoyesa, abweza pa maliro ena alionse tikakumana. Apongozi a mlamu ananyamula kangolo n'kunena kuti mkamwini salipiritsa.

Thebulo linabwerera Loweruka usiku, miyendo yonse inayi ili bwino. Chaka chino tikupitanso. Mukatipeza, bwerani ndi ndalama zosinthasintha, ndolo mukayesa muzibwezere pa lichero, ndipo inu abambo, tengani chingwe muyezeretu kunyumba kwanu musananyamuke.